Kudyela mu bulashi: umoyo wa ojambula pa Katete

Ngati munakwelako basi ya kum'mawa, mudziwa kuti ikafika pa Katete Stores imaima pang'ono. Ena amatsika kukagula nthochi ndi nshawa zokazinga, ena kukaongola miyendo chabe. Ulendo wina mukadzaima, kwezani maso muone zipupa za mashopu. Pa butchala pali ng'ombe yonenepa ngati siinaonepo chilala. Pa malo ometela pali mitu ya anyamata, uliwonse ndi sitayelo yake. Pa shopu ya mbeu ndi feteleza pali chimanga chachikulu kuposa munthu.

Zonsezo pali dzanja limene linazilemba. Mwini dzanjalo ambili sitimudziwa dzina, timangomuitana kuti "a Artist". Ngati ali ndi mwayi, amakhala ndi kachipinda ka lendi kumbuyo kwa mashopu kapena kufupi ndi msika, ndipo m'menemo ndi mmene muli ofesi yake, fakitale yake ndi shopu yake. Sabata ino tikuyang'ana mmene umoyo wa munthu wotele umayendela: chimene amadya, chimene chimamudya, ndi ngati wachinyamata wa luso angakhale ndi tsogolo mu nchito imeneyi osathawila ku Lusaka.

KACHIPINDA KAMODZI, NCHITO ZITATU

Mau akuti galale amamveka apamwamba, ngati nyumba ya magalasi ya ku Kabulonga. Pa tauni ngati Katete, Sinda kapena Vubwi, galale ni chipupa chimodzi cha kachipinda, chopakidwa laimu kapena penti yoyela, pamene pakhomedwa misomali yopachikapo zithunzi. Pamenepo mupeza mai wosenza mtsuko, njovu za ku Luangwa, ngolo ya ng'ombe ikuchoka ku munda, nkhope ya Kenneth Kaunda ndi kansalu kake koyela, Yesu ndi nkhosa, mwinanso wosewela mpila wa timu imene mwini chipinda amaikonda.

Pansi pa chipupacho ndiye pogwilila nchito. Pali tebulo lothimbilila, zitini za penti zina zotsekedwa ndi pulasitiki chifukwa zivindikilo zinasowa kale, mabotolo odulidwa pakati oviikamo mabulashi, lula yaitali, choko, chingwe, makatoni akale odulapo zilembo. Pakona pamatsamila makwelelo, chifukwa nchito yambili ili pamwamba pa zitseko za eni ake.

Ndipo pakhomo ndiye pa shopu. M'mawa zithunzi ziwili zitatu zimatulutsidwa panja kuti odutsa azione, madzulo zimalowanso. Wojambula ndiye wogulitsa, ndiye wolemba mabuku a ndalama, ndiye wosesa. Akachoka kukalemba saini, shopu imatsekedwa, pokhapokha ngati pali kamnyamata kophunzila nchito kamene kangatsale pakhomo.

TSIKU LIMAYENDELA DZUWA

Nchito ya penti siyendela wochi, imayendela dzuwa. Ya pa chipupa cha panja imafuna m'mamawa, kusanatenthe. Mu Okutobala, dzuwa la kum'mawa likafika pamutu, chipupa chimatentha, penti imauma pa bulashi usanaikoke bwino, ndipo mzele umatuluka wokhakhala. N'chifukwa chake wojambula wanzelu amakhala atakwela kale makwelelo pamene ana akupita ku sukulu.

Asanatsegule chitini amayamba ndi choko. Amayeza chipupa, amamenya mizele ndi chingwe chopaka choko kuti zilembo zikhale pa mzele umodzi, ndiyeno amawelenga zilembo za dzina la shopu kuti lisathele m'njila. Tonse tinaonako saini imene inayamba ndi zilembo zikuluzikulu, kenako zomalizila zapanikizana ngati anthu mu minibasi. Kumeneko ni kuthamangila penti choko asanamalize nchito yake.

Masana ni nthawi ya mkati. Apa ndi pamene amakonza nsalu zojambulapo. Kanivasi yeniyeni ya m'mashopu a ku Lusaka ni yodula, choncho ambili amagula nsalu yolimba ya thonje, amaikoka pa felemu ya matabwa imene kalipentala wapafupi wakhoma, ndiyeno amaipaka penti yoyela ya madzi, ena amasakanizako guluu wa matabwa, kawili kapena katatu kuti nsalu isamwe mitundu. Ikauma ndiye nchito yeniyeni iyamba.

Nkhope za anthu ndizo zimadya nthawi maningi. Kasitomala amatuma chithunzi pa WhatsApp, kawilikawili cha malemu amai kapena atate, chakale, chosaoneka bwino, chojambulidwa pa kalata ya lejisiti kapena pa ukwati wa m'ma 1980. Wojambula amachigawa m'timabokosi, amalemba timabokosi tomweto pa nsalu mokulitsa, n'kumasamutsa kabokosi kamodzikamodzi. Akaphonya pang'ono pa diso kapena pa mlomo, banja lonse lidzati si iwo. Ndipo nkhope ya malemu siyochita nayo maseŵela, chifukwa nthawi zina ndiyo yokha imene adzukulu adzaidziwe.

Madzulo ni kutsuka. Bulashi ya penti ya madzi imatsukidwa ndi madzi ndi sopo, ya penti ya mafuta imafuna thina kapena palafini. Ukaiwala usiku umodzi, mawa upeza kamtengo. Fungo la thina m'kachipinda kopanda windo limapweteka mutu ndi chifuwa, ndiye amene akhalitsa mu nchitoyi amasakanizila penti panja.

MASAINI NDIWO AMAGULA UNGA

Funsani wojambula aliyense wa m'tauni yaing'ono chimene mtima wake umafuna, adzakulozelani zithunzi za pa chipupa. Funsani chimene chimalipila lendi, adzakulozelani panja. Zithunzi zingakhale miyezi zili pa msomali, zikusonkhanitsa fumbi la mu Great East Road. Chimene chimayenda tsiku ndi tsiku ni masaini.

Mndandanda wake ni wautali: maina a mashopu ndi tuntemba, zigayo, malo ogona alendo, mabala, machalichi, mau a kumbuyo kwa malole ndi ngolo, manambala a mapuloti, mitanda ndi ziliza za kumanda. Pali nchito za m'masukulu, kumene zipupa zimafuna mapu a Zambia ndi zigawo zake 10, mtima wa munthu, mbali za duwa, baji ya sukulu ndi mwambi wake. Pali zipatala zing'onozing'ono ndi mabungwe amene amafuna uthenga wa malungo, katemela kapena kusamba m'manja ulembedwe pa chipupa mu Chichewa, ndi zithunzi zakuti ngakhale wosadziwa kuwelenga amve.

Ndiye palinso masikipa. Makwaya, magulu a azimai a chilimba, matimu a mpila a m'midzi, oika chiliza, onse amafuna yunifomu yolembedwa. Wojambula amadula zilembo, amaziika pa kasefa kokokedwa pa felemu, amathila inki n'kuikoka ndi labala, sikipa imodzi imodzi mpaka zonse zitatha. Chaka cha masankho nchito imachuluka, koma akale mu nchitoyi amadziwa lamulo lake: wandale alipile zonse nchito isanachoke pakhomo, chifukwa akaluza foni yake siipezekanso.

NDALAMA IMABWELA NDI KUKOLOLA

Katete, Sinda ndi Vubwi ni maboma a alimi. Chimanga, nshawa, thonje, soya, mpendadzuwa ndi fodya ndizo zimayendetsa ndalama, ndipo thumba la wojambula limatsata kalendala yomweyo. Kuyambila Meyi mpaka cha mu Seputembala, anthu akagulitsa mbeu, mashopu atsopano amatseguka, akale amapentedwanso, mabanja amaika ziliza, maukwati amachitika. Imeneyo ndiyo nyengo ya kudya nyama.

Mvula ikayamba mu Novembala zinthu zimatembenuka. Ndalama zonse zimapita ku feteleza ndi mbeu, Januwale amabwela ndi mayunifomu ndi mabuku a ana, ndipo palibe amene amaganiza za chithunzi cha pabalaza. Ngakhale nchito ikapezeka, chipupa chonyowa sichilandila penti, imatupa n'kusendeka. Ndiye musadabwe kupeza galale yotseka mu Disembala, mwini wake ali ku munda ndi khasu. Ojambula ambili a kuno ni alimi, ndipo nkhokwe ndiyo imawaolotsa miyezi ya njala.

Vuto lina ni mtunda. Penti ya m'zitini ya nyumba imapezeka m'mahadiweya a pa Katete, koma mitundu yabwino ya m'machubu ndi mabulashi osalala ni za ku Chipata, makilomita pafupifupi 90, kapena ku Lusaka, pafupifupi 500. Chubu chimodzi chikatha pakati pa nchito, uyenela kupempha kondakitala wa basi kapena m'bale amene akubwela. N'chifukwa chake ojambula a kuno ni akatswili osakaniza: ndi yofiila, yachikasu, yabuluu, yoyela ndi yakuda amatulutsa khungu la munthu, dothi la katondo ndi mtambo wa mvula.

KULAMBA, MSIKA WA PACHAKA

Ngati pali sabata imene wojambula wa pa Katete amaiyembekeza, ni ya Kulamba. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambowu unaletsedwa m'nthawi ya atsamunda ndipo unayambanso mu 1984. Mu 2007 kunafika atsogoleli a maiko onse atatu: Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza. Anthu amabwela miyandamiyanda, malo ogona amadzala, ndipo mseu wa ku Mkaika umasanduka msika.

Kwa wojambula, kukonzekela kumayamba miyezi iwili kapena itatu m'mbuyo. Amapanga tizithunzi ting'onoting'ono tolowa m'chikwama, chifukwa munthu wa pa basi sangagule chinthu chachikulu ngati chitseko. Amasindikiza masikipa, amalemba mabana a magulu ovina ndi a mabizinesi. Zikayenda bwino, sabata imodziyo ingalipile lendi ya miyezi ingapo. Zikakanika, amabwelela ndi katundu wodzala fumbi ndi nkhongole ya penti.

Apa palinso nkhani yofunika kusamala. Alendo amakonda zithunzi za Gule Wamkulu, makamaka kuchokela pamene bungwe la UNESCO linaulemekeza mu 2005 monga chuma cha dziko lonse lapansi. Koma Gule si chidole. Ali ndi eni ake, ali ndi dambwe lake, ali ndi zinsinsi zimene wosalowa sayenela kuzikamba kapena kuziulula. Kujambula Kasiyamaliro kapena Makanja akuvina pabwalo, pamene aliyense amaona, ni nkhani ina. Kujambula za kudambwe, kapena kuseka nazo kuti mlendo agule, ni kuitana mlandu kwa anyakwawa. Wojambula amene amakhala pakati pa anthu ake amadziwa polekezela, chifukwa mlendo adzakwela basi, koma iye adzatsala pamudzi.

Kunja kwa Kulamba, ogula zithunzi ni ochepa koma alipo. Chipatala cha St Francis chimalandila madokotala ndi ophunzila udokotala ochokela kunja, ndipo ambili amafuna kanthu kokakumbukila Zambia. Pafupi pomwepo pali Tikondane Community Centre, kumene alendo amagona. Pali odutsa opita ku South Luangwa, ku Malawi, ndi a mseu wa ku Chanida wolowa ku Mozambique. Mu Febuluwale ena amanyamula katundu kupita ku Mtenguleni ku Nc'wala ya Angoni.

LUSO ILI SILINABWELE PA NDEGE

Pali anthu amene amati zojambula ni za azungu, ife sitizidziwa. Amenewo sanafikeko ku mapanga a kwao komwe. Ku Makwe m'boma la Katete, ku Thandwe kufupi ndi Chipata ndi ku Kalemba ku Chadiza kuli mapanga amene katswili wa zakale David Phillipson anafukula n'kulemba m'buku lake la mu 1976 lonena za mbili yakale ya kum'mawa kwa Zambia. M'mapanga a chigawo chino muli zojambula za pa miyala. Zofiila, zakale kwambili, akatswili amati n'za Akafula, anthu amene analiko alimi asanafike. Zoyela amazigwilizanitsa ndi makolo a Achewa, ndi maphunzilo a chinamwali ndi nyau. Tsidya lina la malile, mapili a Chongoni ku Dedza ali ndi zojambula za mtundu womwewo, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006.

Ngakhale lelo, pitani m'midzi nyengo ya chilimwe muone mmene azimai amakongoletsela zipupa za nyumba ndi dothi la mitundu yosiyanasiyana, lofiila, loyela, lakuda. Onani osema mitondo ndi mipando, oluka mphasa ndi malichelo, oumba mbiya. Mnyamata wa bulashi pa Katete Stores ni mdzukulu wa anthu amenewa. Chasintha ni chakuti iye afunika kulipila lendi.

MAKINA AFIKA

Mdani wamkulu wa wolemba masaini masiku ano ni makina osindikiza mabana. Munthu amapanga saini pa kompyuta, amaika chithunzi chenicheni cha nkhuku ndi chipisi, amatumiza ku Chipata kapena ku Lusaka, mawa lake yafika pa basi. Ni yowala, ni yofulumila, ndipo achinyamata ambili a mabizinesi amaiona ngati ndiyo chitukuko.

Koma bana ya pulasitiki ili ndi matenda ake. Dzuwa limaidya mitundu, mphepo ya mu Ogasiti imaing'amba, ndipo ikang'ambika palibe kusoka, ugule ina. Saini ya penti ya mafuta pa chipupa chokonzedwa bwino imakhala zaka, ndipo ikafwifwa mwini wake amangoipitanso pamwamba. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ni tsoka la dziko, malaiti anali kuthima maola ambilimbili pa tsiku. Makina anagona. Bulashi siifuna malaiti.

Ochenjela sakulimbana ndi makinawo, akuwakwela. Amaphunzila kupanga mapulani a saini pa foni kapena pa laputopu, amalandila oda ya bana n'kuitumiza okha kukasindikiza, amadyapo pang'ono, kwinaku akugwila za pamanja. Foni yomweyo ndiyo yakhala galale yachiwili. Chithunzi chikatha chimakwela pa sitetasi ya WhatsApp ndi pa Facebook, wa ku Kitwe kapena ku Johannesburg amene kwao ni ku Katete amachiona, amatuma ndalama pa Airtel Money kapena MTN, ndipo nsalu imachotsedwa pa felemu, imakulungidwa, imalowa mu paipi ya pulasitiki n'kukwela basi.

"NICHOTSELENKONI, NDINE WANU"

Nkhondo ya tsiku ndi tsiku ili pa mtengo. Anthu amene sanenelela mtengo wa talakitaimu kapena wa mowa, akafika kwa wojambula amasanduka maloya. Wina ati ni luso la Mulungu chabe, munalandila mahala. Wina ati lembani, anthu akaona dzina lanu mudzatchuka. Wachibale ndiye amangotenga chithunzi pa msomali n'kunena kuti tidzaonana kumapeto kwa mwezi, osanena kuti mwezi uti.

Tiyeni tiwelengele limodzi. Mu chithunzi chimodzi muli nsalu, matabwa, misomali, penti yoyamba, mitundu, kutha kwa bulashi, gawo la lendi, ndi masiku atatu kapena anai a munthu wamkulu amene ali ndi ana. Kasitomala amaona chabe penti. Ndipo wojambula amene ali ndi njala amavomela mtengo uliwonse, mawa mnzake akatchula mtengo woyenela amauzidwa kuti uja amachita motchipa. Umu ndi mmene ojambula amaphelana okhaokha.

Amene apulumuka ali ndi malamulo ochepa koma olimba. Theka la ndalama patsogolo, kuti penti igulidwe ndi ndalama ya mwini nchito. Mau a pa saini kasitomala alembe yekha papepala, kuti mawa asadzati dzina lalakwika. Kabuku ka zolowa ndi zotuluka. Ndalama ya penti isasakanizike ndi ya ndiwo. Ndipo kaloba ayi, chifukwa chiwongoladzanja cha kaloba chimathamanga kuposa mmene penti imaumila.

ENA ANAKWANITSA BWANJI

Si maloto chabe kuti munthu angakhale ndi moyo pa luso ali kutali ndi Lusaka. Ku Livingstone, a Lawrence Yombwe ndi akazi ao a Agnes Buya Yombwe, onse ojambula odziwika, amayendetsa Wayi Wayi Art Studio and Gallery. Amajambula pomwepo, amagulitsa pomwepo, amaphunzitsa ana ndi achinyamata pomwepo. A Agnes amatenga nzelu zambili ku mbusa, zizindikilo zimene Abemba amaphunzitsila atsikana ndi olowa m'banja. Phunzilo lake n'lakuti sanathawe za kwao kuti aoneke amakono, ndipo sanadalile khomo limodzi la ndalama.

Kuno kum'mawa, ku Mfuwe, kuli Tribal Textiles, imene inayamba mu 1991. Kumeneko amalemba maluwa pa nsalu ndi phala la fulawa, amaumika padzuwa, amapaka mitundu ndi manja, amaotcha kuti mitundu igwile, ndiyeno amachapa n'kupala phala lija, mizele n'kutsala yoyela. Nsaluzo zimagulidwa ndi alendo a ku South Luangwa ndipo zina zimapita kunja. Ku Mfuwe komweko, a Mulberry Mongoose amapanga mikanda ndi zibangili kuchokela ku mawaya a misampha ya opha nyama mozemba. Ku Malawi, pa Mua, wansembe Claude Boucher anayambitsa Kungoni Centre mu 1976, ndipo osema ndi ojambula ambili aphunzila ndi kudyela pamenepo.

Ndiye pali Henry Tayali, amene anabadwila ku Serenje mu 1943, anaphunzila ku Makerere ku Uganda ndi ku Düsseldorf ku Germany, n'kumwalila mu 1987. Chiboliboli chake cha The Graduate chili pa UNZA, m'mbali mwa Great East Road yomweyi imene imadutsa pa Katete. Galale ya Visual Arts Council of Zambia ku Showgrounds ku Lusaka imatchedwa dzina lake. Mu 1986 iye pamodzi ndi Cynthia Zukas ndi Bente Lorenz anayambitsa Lechwe Trust, imene yakhala ikugula nchito za ojambula a mu Zambia ndi kulipilila ena maphunzilo.

Kusiyana kwake n'kwakuti Livingstone ili ndi Victoria Falls, Mfuwe ili ndi nyama, pamene pa Katete alendo ambili amangodutsa. Ndiye wojambula wa pano sangakhale pansi kudikila mzungu wa kamela. Msika wake weniweni ni mphunzitsi, nesi, wapolisi, mwini lojing'i, mlimi amene wagulitsa soya, ndi mwana wa kuno amene ali ku tauni.

MAKOMO OGOGODA

Thandizo lilipo, ngakhale silibwela lokha. Ndalama za CDF zinakwela kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse mu 2022, ndipo zakhala zikukwelabe. Mkati mwake muli gawo la magulu a achinyamata ndi azimai, la nkhongole za mabizinesi, ndi la kulipilila maphunzilo a nchito za manja. Njila yake imayambila ku komiti ya chitukuko ya mu wadi. Chimene chimagwetsa ojambula ambili n'chakuti aliyense ali payekha, alibe mapepala, alibe akaunti ku banki. Kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA, kapena kupanga kagulu kolembetsedwa ka ojambula, osema ndi osoka, ndiko kumatsegula khomo limeneli, komanso la matenda a masukulu ndi a khonsolo.

Palinso National Arts Council of Zambia, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1994 ndipo imakonza ma Ngoma Awards, ndi Visual Arts Council imene imasonkhanitsa ojambula ndi kukonza zionetselo. Wofuna pepala la sukulu, Evelyn Hone College ku Lusaka yaphunzitsa ojambula ndi aphunzitsi a luso ambili a dziko lino.

KWA IWE WA PENSULO KUMBUYO KWA KALASI

M'kalasi iliyonse muli mmodzi amene mabuku ake kumbuyo adzala nkhope za aphunzitsi ndi magalimoto. Ngati ndiwe, mvela. Sukulu usasiye, chifukwa saini yolakwika sipelo imakuchotsela makasitomala msanga kuposa dzanja lonjenjemela, ndipo masamu ndiwo adzakuuza ngati ukupindula kapena ukungodetsa zovala. Pita kwa amene ali kale mu nchito, umugwilile makwelelo, umutsukile mabulashi, uone mmene amakambila ndi kasitomala. Jambula tsiku lililonse, ndipo jambula zimene ukuona: anyamata a njinga pa siteshoni, azimai a tomato, mapili a Mphangwe m'mawa. Njovu ndi kulowa kwa dzuwa aliyense akujambula. Katete wa lelo akusowa womujambula.

Makolo nanunso, mwana akamajambula si ulesi. Mufunseni kuti aonetse, mumugulile pensulo, ndipo mumuuze zoona kuti nchitoyi ili ndi miyezi ya njala, kuti aphunzile kusunga.

Ndipo ife otsala, amene timagula sofa ya nkhongole n'kupachika pamwamba pake kalendala ya kampani ya feteleza ya zaka zitatu zapitazo, tingachiteko bwino. Mwezi ukatha, loŵani m'kachipinda kaja, funsani mtengo, nenelelani mwaulemu ngati mmene mumachitila kwa telala, lipilani theka, ndipo tsiku lotenga mubwele ndi theka linalo m'manja.